Orchid wa masamba okhaokha: momwe mungamuchititsire maluwa kuno ku Mangochi

Nkhani yake imakhala imodzimodzi. Munthu wagula orchid ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mwina wapatsidwa pa ukwati, ali ndi maluwa ake oyera kapena apinki. Maluwawo amakhala miyezi iwiri kapena itatu, kenako n'kuyamba kuthothoka limodzilimodzi. Chaka chatha, china chathanso, mumphika muli masamba anayi okha. Apa m'pomwe ambiri timathamangira feteleza. Kumunda tinazolowera kuti mbewu ikakana, wobereketsa ndiye mankhwala ake, ndiye timatapa timibulu ta Urea n'kuthira. Pakatha masabata awiri mizu yada bii.

Ine ndinapha awiri ndisanaphunzire. Woyamba ndinamuwokera m'dothi la kudimba losakaniza ndi manyowa a mbuzi, poganiza kuti ndikumukonda. Tsiku lomwe ndinamuzula, mizu inkavuka khungu m'manja, n'kutsala kaulusi kokha pakati. Wachiwiri anawauka ndi dzuwa la Okutobala pakhonde loyang'ana kumadzulo.

Kuno kunyanja, chimene chimamana orchid maluwa kawirikawiri si njala ayi. Ndi mizu yowola, malo olakwika, ndi kutentha. Feteleza ali ndi ntchito yake, koma amabwera zinazi zitakonzeka. Malangizowa ndi a mtundu wa Phalaenopsis, uja wa masamba aakulu ochindikala ngati lilime la ng'ombe, chifukwa ndi amene amagulitsidwa kwambiri. Za mitundu ina ndinenako chakumapeto.

Zofunika kukhala nazo

- Mphika wadothi wa mabowo pansi ndi m'mbali, kapena kachidebe kapulasitiki koonekera mkati komwe mwakaboola ndi msomali wotentha
- Makala ophwanya, kukula kwake ngati nsonga ya chala chachikulu
- Tizidutswa ta njerwa yootcha
- Makungwa a paini ouma kapena makoko a kokonati
- Lezala watsopano kapena sizasi, ndi machesi
- Feteleza wosungunuka m'madzi wa manambala ofanana, monga 20-20-20
- Supuni ya tiyi ndi ndowa ya malita 20
- Madzi a mvula osungidwa m'chigubu chotseka
- Kandodo ka nsungwi ndi kansanza kofewa komangira
- Neti yakale ya udzudzu kapena mkeka wotchingira dzuwa
- Sipiriti, thonje, ndi ufa wa sinamoni ngati ulipo

1. Yambani ndi mizu, osati masamba

Mugwireni pansi pa masamba n'kumutulutsa mumphika pang'onopang'ono. Ambiri ogulidwa m'sitolo amabwera mizu yawo itapanikizidwa m'zinthu zonga siponji kapena ndere zouma. Zimenezo zichotseni zonse ndi zala, makamaka chibuma chomwe chimabisala pakati penipeni, poti chimasunga madzi ngakhale pamwamba pakuoneka pouma.

Muzu wamoyo ndi wolimba mukautsina. Ukauma umaoneka wotuwa ngati siliva, mukaunyowetsa umasanduka wobiriwira nthawi yomweyo. Muzu wakufa ndi wakuda kapena wofiirira, wofewa, kapena wa mphako ngati udzu wouma. Wotchani lezala pamoto, mudikire azizire, mudule yakufayo yonse.

Chenjezo: mizu ina yamkati imakhala yoyera kapena yachikasu chifukwa sinaonepo kuwala. Ngati ili yolimba, ili moyo. Isiyeni. Isiyeninso mizu ija yoyenda m'malere kunja kwa mphika. Ambiri amaidula ati ikunyansa, chonsecho ndi imene imapulumutsa chomera yamkati ikawola.

2. Muwokereni m'zinthu zopitisa mphepo

Kwawo ku Philippines ndi ku Indonesia, orchid ameneyu samera pansi. Amakakamira pa nthambi za mitengo, mizu ili pamtetete. Mvula ikagwa imanyowa, ikakata imauma. Ntchito yanu ndi kutsanzira zimenezo mumphika, ndipo dothi, mchenga wa kunyanja kapena manyowa sizilowamo ngakhale pang'ono.

Tsukani makala mpaka madzi asiye kuda. Makungwa a paini, omwe savuta kuwapeza kumene amacheka matabwa ku Zomba, aviikeni usiku wonse. Makoko a kokonati amafuna kuleza mtima: aduleni tizidutswa, aviikeni masiku atatu kapena anayi mukusintha madzi tsiku lililonse, chifukwa amakhala ndi mchere, makamaka mukawatenga atsopano. Ine ndimasakaniza magawo awiri a makungwa kapena makoko, gawo limodzi la makala ndi gawo limodzi la njerwa. Makala ndi njerwa zokha zimathekanso, koma m'chilimwe mudzatopa ndi kuthirira.

Yalani njerwa pansi pa mphika, ikani chomera pakati, ndipo thirani zosakanizazo mozungulira mizu mukugogoda mphikawo kuti zikhazikike. Musatsendere. Tsinde pomwe payambira tsamba la pansi likhale pamwamba, lisakwiririke.

Pano pali msampha wa mphika waukulu. Munthu amati ndimupatse malo akule. Mphika waukulu umachedwa kuuma pakati, ndipo mizu imawolera momwemo. Sankhani woti mizu ingokwana. Mukamaliza, musathire feteleza kwa mwezi wathunthu, mabala a mizu apole kaye. Ndipo musamuwokere ali ndi maluwa pokhapokha mukaona kuti akufa.

3. Mupezereni malo

Khonde kapena windo loyang'ana kum'mawa ndiye malo abwino. Dzuwa la m'mamawa mpaka cha m'ma 9 koloko salidana nalo. La masana ndi la madzulo limamuwaula, ndipo tsamba likawauka silichira: pamatsala chigamba choyera chomwe pambuyo pake chimada.

Yesani ndi dzanja. Masana, ikani chikhatho pamwamba pa masamba. Chithunzithunzi chikhale chooneka koma chosadulika bwino m'mbali. Chikakhala chakuthwa ngati chojambula, dzuwa lachuluka, tchingani ndi neti yopinda pawiri. Chikapanda kuoneka konse, pamenepo ndi mumdima. Masamba nawo amanena. Obiriwira kwambiri moderako amakongola m'maso, koma ndi a chomera chosowa kuwala, ndipo chotero sichichita maluwa. Ofunika ndi obiriwira mowala.

Kumbukirani kuti dzuwa limasuntha. Mu Juni limapendekera kumpoto, pomwe chakumapeto kwa Okutobala limadutsa pamutu penipeni. Malo omwe anali a mthunzi mwezi wa chisanu akhoza kukhala ng'anjo m'chilimwe. Musamupachikenso pafupi ndi malata. Gwirani tsamba masana: likamatentha m'manja, musunthireni pansi kapena mkati.

4. Thirirani mokhutitsa, kenako mudikire

Palibe tsiku loikika lothirira. Yang'anani mizu: ikakhala yobiriwira, dikirani, ikatuwa, thirirani. Ngati mphika ndi wadothi, lowetsani kamtengo kouma pakati, mudikire pang'ono, mukazule. Kakatuluka konyowa, bwererani mawa. Kwa ine zimakhala masiku awiri kapena atatu mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kamodzi pa sabata mu Juni. Mwera ukamawomba umaumitsa msanga kuposa momwe mungaganizire, choncho musadalire kalendala.

Thirirani m'mawa. Thirani madzi ambiri mpaka atuluke pansi, musiye akhe onse, kenako mubwezere mphika pamalo pake. Usakhale m'mbale yamadzi.

Madzi a mvula ndiwo mfumu. Tungani m'dzinja, koma mvula yoyamba isiyeni itsuke fumbi la padenga. A ku mpopi amatheka. A pamjigo samalani nawo: ngati amasiya zoyera m'ketulo kapena sopo sachita nawo thovu, adzasiyanso mchere womwewo pa mizu.

Chenjezo lalikulu: madzi asatsalire pamtima, pomwe tsamba latsopano limatulukira. Akagona pamenepo, mtima umawola, masamba n'kugwa onse sabata imodzi. Akalowa, pindani kapepala kofewa muwayamwitse. Pa chifukwa chomwechi, m'dzinja musamusiye pa mvula ya masiku angapo.

5. Feteleza: wochepa, wosungunula, pafupipafupi

Muzu wa orchid uli ndi khungu longa siponji lomwe limayamwa chilichonse chaugwera. Mulibe dothi loti lichepetse ukali. N'chifukwa chake muyezo womwe chimanga chimasangalala nawo, kwa iye ndi moto. Wokulitsa ndi wobereketsa a kumunda asungireni kumunda. Chimodzimodzi zitosi za nkhuku.

Pitani m'masitolo a zaulimi mufunse feteleza wa ufa wosungunuka m'madzi, wa manambala atatu ofanana kapena oyandikana. Manambalawo amaimira nayitirojeni, fosiforasi ndi potaziyamu. Mukapeza wolembedwa kuti ndi wa orchid, zili bwino, koma musavutike kumusaka mpaka ku Lilongwe.

Kasakanizidwe kake ka 20-20-20: supuni imodzi ya tiyi, yosasefukira, mu ndowa ya malita 20. Ngati muli ndi chomera chimodzi, tengani kota ya supuniyo mu malita 5. Pa feteleza wina aliyense, werengani muyezo wa papaketi mutengepo gawo limodzi mwa magawo anayi. Madziwo aoneke ngati mulibe kanthu. Mtima udzakuuzani kuti onjezerani pang'ono, musaumvere. Otsala kathireni ndiwo zamasamba.

Kathiridwe kake:

Yambani ndi madzi wamba mpaka mizu ibiriwire. Feteleza pa muzu wouma amawotcha. Dikirani mphindi khumi, kenako thirani madzi a fetelezawo mpaka adonthe pansi. Chitani choncho kamodzi pa sabata kwa masabata atatu. Sabata yachinayi musathire feteleza, koma tsukuluzani mphika ndi madzi ambiri a mvula, kawiri kapena katatu, kuti mchere wotsalira uchoke. Kutsukuluzaku n'kumene anthu amakudumpha, ndipo kuno kumene madzi amauma msanga mchere umaunjikana mofulumira. Mukaona zoyera ngati phulusa m'mphepete mwa mphika, kapena nsonga za mizu zitada, mwachedwa kale: siyani feteleza mwezi wathunthu, muzingotsukuluza.

Ndondomeko ya sabata ndi sabatayi ndi ya nthawi yomwe chomera chikukula, mukamaona tsamba latsopano ndi nsonga za mizu zobiriwira, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo. Kukayamba kuzizira mu Meyi, chepetsani kufika kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Maluwa akamasula, kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Chomera chodwala, chopanda mizu, kapena chofota ndi kutentha musachipatse konse. Wodwala malungo sapatsidwa nsima ya kondowole mbale yodzaza.

Pa WhatsApp ndi pa Facebook mumayenda mavidiyo a madzi otsukira mpunga, makoko a nthochi, adyo, mkaka. Madzi a mpunga ndinayesapo. Ndinapeza chuku ndi mzere wa nyerere kuchokera pakhomo mpaka mumphika. Za mapaketi olembedwa kuti ndi ochititsa maluwa, a nambala yapakati yaikulu, maganizo anga ndi akuti ndalamayo mugulire chigubu china chosungira madzi a mvula.

6. Musamubisire chisanu cha Juni ndi Julayi

Apa ndiye pagona nkhani. Phalaenopsis amatulutsa phesi la maluwa akamva kuti kwazizira. Kukamatentha kupitirira madigiri 28 tsiku ndi tsiku, amangopanga masamba, ndipo alimi a maluwawa m'mayiko akunja amagwiritsa ntchito zomwezi dala: amawasunga potentha kuti akule, kenako amawasamutsira pozizira kuti onse atulutse mapesi nthawi imodzi. Chofunika ndi masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi a masana osapitirira madigiri 25 kapena 26, ndi usiku wa madigiri 15 mpaka 18.

Ku Zomba kapena kumtunda ku Namwera nyengo yotere ndi ya miyezi ingapo, anthu akumeneko savutika. Kuno kumunsi mpata wake ndi wochepa, Juni ndi Julayi basi, ndipo ukakuphonyani mudikira chaka china. Tsono taonani zomwe timachita: kukangoyamba kuzizira timamumvera chisoni, n'kumulowetsa m'chipinda chochezera, mawindo otseka, m'nyumba ya njerwa yomwe yasunga kutentha kwa tsiku lonse. Iye chisanu osachimva n'komwe.

Kuyambira kumapeto kwa Meyi, azigona pakhonde. Sankhani mbali yomwe mwera sumumenya mwachindunji, koma mphepo ya usiku imafika. Masana akhale pamalo ozizira kwambiri pakhomo panu omwe pali kuwala, kutali ndi khoma lotentha ndi dzuwa. Masamba akhale ouma pofika madzulo. Musaope kuti afa nacho. Chisanu cha kunyanja n'chofatsa kwa iye. A kumtunda okha ndiwo ayenera kumulowetsa usiku womwe kwazizira zedi, pansi pa madigiri 12.

Izi zimagwira pa chomera chokhwima, cha masamba atatu kapena anayi athanzi ndi mizu yokwanira. Chomwe mwangochidula mizu chaka chino chisiyeni chichire.

7. Phesi likatuluka

Limatulukira pakati pa masamba, chapansi, ndipo masiku oyamba limafanana ndi muzu. Kusiyana kwake: muzu ndi wobulungira, nsonga yake yosalala, thupi lotuwa, ndipo umalowera kulikonse. Phesi ndi lobiriwira lonse, nsonga yake yaphwatalala ngati kadzanja kofumbata, ndipo limalunjika kumene kukuchokera kuwala.

Likafika kutalika kwa chikhatho, zikani kandodo ka nsungwi m'mbali mwa mphika mosabaya mizu, mulimangirire momasuka. Phesi lanthete limathyoka ngati therere laling'ono, choncho musaliwongole mokakamiza. Kuyambira pano musatembenuzenso mphika, apo ayi lidzapindika pofunafuna kuwala.

Kuchoka pa kutuluka mpaka kumasula pamatenga miyezi iwiri kapena itatu. Werengani nokha: phesi la Julayi limamasula cha mu Seputembala kapena Okutobala, nthawi yomwe Mangochi wayamba kuwotcha. Timaluwa tosamasula sitichedwa kusanduka tachikasu n'kugwa. Muikeni pamalo ozizira kwambiri m'nyumba kapena pakhonde. Thirani timiyala m'beseni, muthiremo madzi osafika pamwamba pa miyalayo, mphika ukhale pa miyala. Musalole mizu kuuma gwa.

Zinthu ziwiri zapakhomo zimagwetsanso timaluwati. Choyamba ndi utsi, kaya wa mbaula kaya wa kumene akuwamba nsomba. Chachiwiri ndi zipatso zakupsa. Nthochi ndi mango zimatulutsa mpweya wosaoneka womwe umakalambitsa maluwa msanga, ndiye dengu la mango likhale chipinda china.

8. Maluwa akatha

Phesi likauma n'kufiirira, lidulireni pansi penipeni ndi lezala wowotcha, pabala mupake sinamoni pang'ono, koma asagwere pa mizu. Likakhalabe lobiriwira, mukhoza kulidula pamwamba pa mfundo yachiwiri kuchokera pansi, mfundo zija zonga za nzimbe, ndipo nthawi zina limaphuka nthambi ina. Kuno ine ndimadulira pansi, chifukwa nthawiyo kumakhala kotentha kale ndipo nthambi yachiwiri imangofoola chomera. Pa mfundo pakamera kamwana ka masamba, kasiyeni mpaka katakhala ndi mizu itatu yotalika ngati chala, kenako mukadule n'kukawokera pakokha.

Mitundu yomwe imakonda kwathu kuno

Ngati mukugula watsopano, funsani Dendrobium wa kumalo otentha kapena Vanda. Amenewa kutentha sikuwaletsa maluwa, koma amafuna kuwala kochuluka kuposa Phalaenopsis. Vanda safuna n'komwe zosakaniza: amapachikidwa mizu ili lendelende, n'kumathiriridwa m'mawa uliwonse.

Tili nayenso wathuwathu, Ansellia africana, wa maluwa achikasu a mawanga ofiirira ngati kambuku, yemwe amamera m'mphanda za mitengo ndi pa migwalangwa, mizu yake ina yoloza kumwamba ngati dengu lotolera zinyalala. Amafuna kuwala kwambiri ndi kuchepetsedwa madzi m'miyezi yopanda mvula kuti achite maluwa. Pemphani mphukira kwa amene ali naye kale pakhomo. Kukazula kutchire n'kumene kukumutha, ndipo m'malo otetezedwa ngati Liwonde National Park ndi Lake Malawi National Park ndi mlandu. Dziko lathu ndi lolemera ndi zomerazi: ku Nyika kokha kuli mitundu yopitirira 200, ndipo chinaka chomwe ena amadya chimachokera ku timbatata ta orchid wa pansi. Amenewo ndi a kumapiri ozizira, mumphika wa ku Mangochi sakhalamo.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kuona masamba a makwinya n'kuwonjezera madzi. Nthawi zambiri makwinyawo amabwera chifukwa mizu inawola ndipo palibe chomwera. Zulani muone kaye.

Kuika madzi oundana a mufiriji pa mizu. Chomerachi n'cha kumalo ofunda, ndipo timadzi tosungunukato sitingatsukuluze mchere.

Kuchita mantha tsamba limodzi la pansi likasanduka lachikasu. Ndi ukalamba chabe, lidzagwa lokha. Choopsa ndi la pamwamba.

Kusiya zosakaniza zomwezo zaka zambiri. Makungwa ndi makoko amafumbwa n'kusanduka ngati dothi pakatha zaka ziwiri. Zosakanizazo zisintheni maluwa akangotha. Mphika usakhalenso pa dothi, chiswe chimawakonda makungwa.

Kusamusuzumira kunsi kwa masamba. Kodikodi, tizilombo toyera ngati thonje tija timavutanso chinangwa, timabisala m'makwawa a masamba ndi pa timaluwa. Nyowetsani thonje ndi sipiriti mutipukute, mubwereze sabata iliyonse mpaka titatha. Nyerere zikachuluka pa chomera, pali kodikodi kapena nsabwe penapake. Nsonga za mizu zikamadyeka usiku, yatsani tochi cha m'ma 9 koloko, mupeza nkhono kapena mphemvu zili pa ntchito.

Kumusamutsa sabata iliyonse, lero pa tebulo alendo akabwera, mawa pawindo, mkuja pakhonde. Malo ake ndi awiri pa chaka, a chisanu ndi a chilimwe. Ngati mukufuna alendo amuone, atengereni kumene ali.